Phiri la pa Nsalu

Dzina lawo lenileni linalipo, koma linkagwira ntchito pachiphaso pokha. M'tauni monse ankadziwika kuti a Musaphethire, chifukwa kwa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu mawu omaliza amene munthu ankamva getsi la kamera lisanathwanime anali amenewo. "Chibwano m'mwamba pang'ono. Mapewa tsitsani. Yang'anani kuno. Musaphethire." Akwati, ana a sukulu, ofuna ntchito, ngakhale abusa ndi makolala awo, onse anadutsa m'manja mwa bambo amenewa, ndipo onse anagwiridwapo chibwano ndi zala zawo ziwiri zozizira.

Situdiyo yawo inali kachipinda kamodzi, pakati pa telala ndi wokonza mawotchi. Munali nsalu ziwiri zoika kumbuyo kwa munthu. Ina inali yoyera mbee, ya zithunzi za ziphaso. Inayo ndiyo inali chuma cha a Musaphethire: phiri lalikulu la nsonga ziwiri, mathithi akutsika chakumanja, ndi kamsewu kokhotakhota m'munsi mwake. Anawajambulira ndi munthu wina wolemba zikwangwani za masitolo, amene analumbira kuti malowo aliko ndithu, pamsewu wa kumapiri, ndipo iye anawaona ndi maso ake ali pamwamba pa lole ya matabwa. Munthuyo anamwalira kalekale. Nsalu yake inatsala, moti theka la tauni linali ndi chithunzi pakhoma likumwetulira patsogolo pa phiri limene silinaliponde n'kamodzi komwe.

Akazi awo anawapezanso m'kachipinda komweko. Anabwera ali mtsikana kudzajambulitsa chithunzi cha chiphaso cha ntchito, pansalu yoyera ija, ndipo ntchito ya mphindi zisanu inatenga ola lathunthu. A Musaphethire amati getsi linkavuta tsikulo. Mayiwo amati bodza, chinkavuta ndi manja a wojambula, ankanjenjemera ngati a munthu wa malungo. Potuluka, mtsikanayo analoza nsalu inayo n'kufunsa kuti phirilo lili kuti.

"Ndidzakutengerani," anatero wojambula, asanaganize n'komwe.

Ndidzakutengerani ameneyo anakalamba nawo m'nyumba. Chaka chino mwana ndi wakhanda. Chaka chinacho maukwati achuluka, situdiyo singatsekedwe Loweruka. Chinacho mvula yaononga msewu. Zengerezu adalinda kwawukwawu, abale, ndipo bamboyu zozengereza anali nazo nkhokwe. Mayi sankakangana nawo. Ankangoti akamasesa m'situdiyo aime patsogolo pa nsaluyo, tsache m'manja, n'kufunsa, "Bambo, basi yathu ija yafika pati?" Onse ankaseka, nkhani n'kuthera pomwepo.

Kenaka mayi anayamba kugunda mipando. Anayamba kuthira tiyi pambali pa kapu, ndi kudutsa anzawo pamsewu osapereka moni, mpaka ena anayamba kuwanena kuti ayamba matama. Dokotala wa maso anawalitsa katochi kake, anayang'ana, anayang'ananso, kenaka anavula magalasi ake n'kuwaika patebulo. Anati mitsempha ya maso ikufota, ndipo ikafota sibwerera. Diso lamanzere linali litapita kale. Lamanja linkaona ngati munthu akusuzumira m'paipi: kadontho ka pakati kokha, m'mbali monse mdima. Anati mwina miyezi itatu, mwina inayi.

A Musaphethire anatuluka m'chipatalamo atagwira akazi awo pachigongono. Munthu amene moyo wake wonse ankayang'ana anthu m'maso sanaone kuti maso a m'nyumba mwake momwe akuzima. Zinawawawa kwambiri, ndipo anachita manyazi.

Mwana wawo wotsiriza, amene onse ankangomuitana kuti Mzime ngakhale anali mphunzitsi wamkulu bwino wokhala ndi galimoto yakeyake, sanafune zokambirana.

"Loweruka tikupita kuphiri. Situdiyo mutseke. Wofuna chithunzi adzijambule yekha pafoni."

Bamboyo sanatsutse. Mumtima mwawo anali atakonza kale zawo. Akapeza malo enieni a pansalu paja, akakhazika akazi awo pomwepo, n'kuwajambula chithunzi choposa zonse zimene anajambulapo. Chimenecho chidzakhala mphatso, chidzakhalanso kupepesa. Lachisanu lonse anakhalira kupukuta kamera yawo yakale. Anatulutsa filimu imodzi imene ankaisunga m'firiji kuseri kwa batala, anamanga choimikira kamera cha miyendo itatu, anaika kachithunzi ka nsaluyo m'thumba la malaya. Pomaliza ananyamula kampando kachitsulo ka m'situdiyo, kozungulira kaja, kolira kuti kwii akakatembenuza.

"Kampandoko n'kachiyaninso, bambo?" anafunsa Mzime m'mawa, akulimbana ndi buti ya galimoto. "Kuphiri kuli miyala yokhalapo."

"Munthu sajambulidwa atakhala pamwala ngati buluzi. Tsegula."

Mayi anavala diresi lawo la buluu ndi nsapato zofinya zija ankazisungira maukwati. Anakhala kutsogolo. Bambo anakhala kumbuyo, kamera pamiyendo ngati mwana wodwala. Mzime anali ndi ndandanda pafoni yake, malo asanu ndi awiri amene anthu a pa intaneti anati ndi okongola kujambulirapo, ndipo ankawawerenga mokweza, bambo ake akutsonya pa lililonse.

Atayamba kukwera, msewu unayamba kupindika, uku khoma la thanthwe, uku phompho. Mayi anatseka maso. Galimoto ikamayenda, zinthu zinkangodutsa m'kadontho kawo kaja ngati madzi a mumpope, mpaka chizungulire. Kuti aone chinthu, ankayenera kukhala phee n'kuchisakasaka pang'onopang'ono ndi mutu wonse.

"Mukandidzutse tikafika poona," anatero.

Malo oyamba anali pokhota, pamene anamangapo kampanda kachitsulo. Kutsidya kwake chigwa chinangoti tayale, mpaka kumene dziko limakumana ndi mitambo. Galimoto isanaime bwino, a Musaphethire anali atatuluka kale. Anaika kampando pafupi ndi mpanda, anagwira akazi awo pachigongono, anawayendetsa, n'kuwakhazika monga mmene anakhazikira anthu zikwizikwi: msana kuchigwa, nkhope kwa wojambula. Anabwerera m'mbuyo masitepe asanu, anatsinzina diso limodzi, anapukusa mutu.

"Mawaya."

"Mawaya atani?" anafunsa Mzime.

"A magetsi. Akutulukira m'khutu la amayi ako. Tiyeni, si pano."

"Kumbuyoku kuli chiyani, bambo?" anafunsa mayi, khosi lili njo monga anazolowera.

"Chigwa chabe. Zenizeni zili kutsogolo."

Anawadzutsa, anawabwezera m'galimoto, kampando m'buti. Zonse zinatha mphindi zitatu.

Malo achiwiri anali odzaza ndi anthu. Panali mabasi awiri, ogulitsa nthochi, ndi achinyamata atatambasula mikono, mafoni m'mwamba, milomo atasongola ngati akumwa tiyi wotentha. A Musaphethire anakhazika akazi awo pakampando, msana kumapiri, n'kuwauza kuti asasunthe. Koma asanatsinzine n'komwe diso, anaona mwamuna ndi mkazi wake akudzijambula dzuwa lili kumbuyo kwawo. Mtima unakana.

"Pepani achimwene, mutero mutuluka bii ngati makala. Bweretsani kuno."

Anawalanda foni, anawatembenuza, anagwira mkaziyo chibwano, anatsitsa mapewa a mwamunayo. Chithunzi chitatuluka, mkaziyo anakuwa ndi chimwemwe, ndipo pompo panapangika mzere. Ha, bamboyu anali m'madzi ake! Anajambula mabanja anayi, kwaya yonse ya m'basi, ndi wogulitsa nthochi ndi nthochi zake zomwe. Pamene anakumbukira chimene anabwerera, panali patadutsa theka la ola. Mzime anali atapita kukasaka madzi akumwa. Mayi anali pomwe anawasiya paja, manja pamaondo, akuyang'ana mgolo wa zinyalala.

"Pano pachuluka anthu," anatero bambo, akupewa maso a mwana wawo amene ankabwera ndi mabotolo. "Ndiponso phiri lake si lija."

"Amayi, mwaona?" anafunsa Mzime.

"Ndaona zambiri," anayankha mayi. "Tiyeni."

Malo achitatu anali ndi chikwangwani cha sopo, achinayi dzuwa linali paliwombo, ndipo wojambula weniweni sajambula munthu dzuwa lili paliwombo, maso amalowa m'maenje. Paliponse mwambo unali womwewo: kampando, chigongono, msana kuphiri, kutsinzina, kupukusa mutu. Paliponse ankatulutsa kachithunzi ka nsalu kaja n'kuyerekeza. Filimu inali idakali m'thumba, chifukwa a Musaphethire sankalowetsa filimu asanakhutire ndi malo. Lamulo limenelo anali asanaliphwanyepo.

Cha m'ma wani koloko anafika pamene ankakonza msewu. Mayi wina wovala chipewa chachikasu ndi jekete lowala anawaimitsa ndi mbendera yofiira kuti a kutsidya adutse kaye. Bambo anatsitsa galasi n'kutulutsa kachithunzi kawo.

"Pepani mayi, inu mumakhala pamsewu uno. Malo awa mukuwadziwa?"

Wambenderayo anawerama, anayang'anitsitsa, kenaka anaphulika nako kuseka.

"Iii, koma phiri lanuli ndi lonenepa! Lathu silinadye chonchi. Koma nsonga ziwirizi ndikuzidziwa. Mukadutsa mlatho wachitsulo, mukwere mpaka pamene malole amaima kuziziritsa mabuleki. Palibe chikwangwani, pali chitayala chakale basi. Mukaime pamenepo."

"Wamva?" anatero bambo, akugogoda mpando wa Mzime. "Safunsa adadya phula. Foni yako ija ikudziwa za chitayala?"

"Koma fulumirani," anawonjezera wambenderayo, nkhope itasintha. "Ikamakwana fili koloko nkhungu imakwera kuchokera m'chigwa. Tsiku ndi tsiku, siiphonya. Ikafika, ngakhale dzanja lanu lomwe simuliona."

Anatembenuza mbendera, iwo n'kudutsa.

Patsogolo pang'ono panali malo abwino, a mitengo ya paini, opanda munthu. Mzime anachepetsa liwiro.

"Tiime pano mphindi zochepa, amayi aoneko."

"Ayi, yendetsa. Sunamve za nkhungu?"

"Bambo, kuyambira m'mawa..."

"Yendetsa, mwanawe. Ndikudziwa chimene ndikuchita."

Mzime anaponda mafuta, nsagwada zili gwa. Mayi, maso ali chitsekere, anafufuza bondo la mwana wawo n'kulisisita.

Ndiye ngati dziko likuwaseka, atangodutsa mlatho anakumana ndi lole ya matabwa ikukwera ngati nkhono, utsi uli tolotolo. Msewu unali wopapatiza, kopitirira kunalibe. A Musaphethire ankayang'ana wotchi, kuyang'ana lole, kuyang'ananso wotchi. Anatukwana woyendetsa loleyo chamumtima, anatukwana amene anamupatsa laisensi, anatukwana ndi mitengo yomwe inadulidwa matabwawo. Pamene chitayala chinaonekera m'mbali mwa msewu, nthawi inali itatsala pang'ono kukwana fili.

Malowo sanali okongola ayi. Panali miyala ya msewu, madontho a oyilo, fungo la mabuleki opsa. Koma bambo atatuluka n'kukweza maso, mpweya unawathera.

Linalipo. Phiri lija linalipo, ndi nsonga zake ziwiri, lalitali kuposa mmene nsalu iliyonse ingakwanire, dzuwa likulimenya cham'mbali moti mng'alu uliwonse wa thanthwe unkaoneka. Kuwala kotero wojambula amakumana nako kamodzi pa moyo. Koma pansi, m'chigwa, nkhungu inali itayamba kale kutukuka ngati mkaka pamoto.

"Kampando! Msanga!"

Anagwira akazi awo pachigongono, anawakhazika, msana kuphiri. Anatambasula miyendo itatu ija, anamangirira kamera, anathamanga kukawongola kolala ya diresi, anakweza chibwano, anatsitsa mapewa, anathamangiranso ku kamera n'kusuzumira. Mulungu wanga! Chinali chomwecho. Nkhope ya mkazi wawo pakati, nsonga ziwiri pamwamba pa mapewa, popanda waya, popanda munthu. Chinangotsala n'kulowetsa filimu ndi kuyeza kuwala, ntchito ya mphindi zisanu kapena zisanu ndi chimodzi ndi zala zawo zokalambazi. Anapisa m'thumba.

Apo m'pamene anamva mawu. Anali otsika, otuluka pakati pa mano, mmene amayankhulira mkazi wa wojambula amene akudziwa kuti chibwano sichisuntha.

"Mzime. Kodi mathithi aja alikodi?"

Mwanayo anayang'ana kuphiri. "Aliko, amayi."

"Chabwino. Ukandifotokozere m'galimoto."

A Musaphethire anachotsa diso pakamera. Filimu inali m'manja. Anayang'ana akazi awo, anayang'ana phiri, kenaka anatembenuka kuyang'ana kumbuyo kwawo, kumene nkhope ya mayi inaloza. Kunali galimoto, chitayala, ndi khoma la dothi lofiira.

"Mayi," anatero, mawu atauma. "Kuyambira m'mawa mwaona chiyani?"

"Ndaona dazi lanu, bambo." Mayi ankayankha mosasuntha mutu, ngodya ya mlomo yokha ikusewera. "Poyamba paja ndinaona dazi ndi tayala la galimoto. Pachiwiri, mgolo wa zinyalala, unali wobiriwira. Pano dazi lomwelo, koma likuwala bwino kuposa konse."

Mzime anatembenukira kumbali, dzanja pakamwa.

"Nanga bwanji osanena?"

"Ndinene chiyani? Chithunzicho si changa, bambo. Ine ndidzachiona ndi chiyani? N'chanu. Ndimafuna mutsale nacho chimodzi ndikukuyang'anani, m'maso mudakali munthu. Jambulani msanga, nkhungu ikubwera. Ndikuimva kuzizira pakhosi."

Mawuwo anawalasa bambo pamtima penipeni. Zaka zonsezi, munthu akabwera kwa iwo, chokongola chinkakhala kumbuyo kwake. Ndi mmene ntchito imayendera, ndi mmene manja awo anaphunzirira, ndipo manjawo anachita zomwezo lero osawafunsa. Anamuyendetsa mkazi wa maso otsala miyezi itatu tsiku lathunthu pakati pa mapiri, n'kumamutembenuzira msana ku chilichonse. Anayang'ana m'chigwa. Nkhungu inali ndi mphindi khumi, zikachuluka. Kamera inkafuna zisanu kapena kuposa. Diso la mayi, ndi kapaipi kake kaja, linkafuna zonse khumi. Mapanga awiri avumbwitsa.

Anabwezera filimu m'thumba. Anayenda masitepe asanu aja, anagwira mapewa a akazi awo, n'kutembenuza kampando.

Kwii.

Mayi anatong'ola diso. Mutu wawo unapita uku, unapita uko, unakwera, unatsika. Manja anayamba kufinya diresi.

"Sindikulipeza, bambo. Ndikungoona mtambo. Tsopano ndikuona chakuda. Lili kuti?" "Lakula kwambiri, silikukwana."

Bambo anaima kumbuyo kwawo. Anaika dzanja limodzi pamutu, zala ziwiri za linalo pansi pa chibwano. Imeneyi ndiye ntchito imene ankaidziwa kuposa munthu aliyense m'dziko.

"Lekani kusakasaka, ndisiyireni ine. Tiyambira pansi. Chibwano pansi pang'ono. Pang'ononso. Imani. Mukuona chiyani?"

"Mzere woyera... ndi msewu! Kamsewu kaja! Pali ndi lole, ngati nyerere."

"Ndi ija inatichedwetsa, isiyeni. Tikwere. Pang'onopang'ono."

"Mitengo. Yambiri, bambo, yothinana ngati tsitsi."

"Tikwerebe."

Anawakweza m'nkhalango, anawadutsitsa pathanthwe lalikulu lotuwa, anawaimitsa pamene mbalame ziwiri zinkazungulira kuti azione. Mayi ankatchula chilichonse mokweza, ngati munthu wolongedza katundu wa ulendo wautali amene safuna kuiwala kanthu. Pansi, kamsewu kanali katamezedwa kale. Mzime anatulutsa foni, anaikweza, kenaka anaibwezera m'thumba.

"Chibwano m'mwamba. M'mwambanso. Apo."

"Nsonga!"

"Yoyamba imeneyo. Tsopano titsike pang'ono, tipite kumanja, tikwerenso. Apo."

"Yachiwiri. Ee, ndi yaifupi kusiyana ndi inzake. Pansalu paja n'zofanana." Anapuma mozama. "Tsopano mathithi. Kumanja."

Bambo anatembenuza mutuwo kumanja. Thanthwe. Anautsitsa. Thanthwe lokhalokha, ndi nkhungu ikukwawa m'mitengo. Anakweza maso awo, anasakasaka phiri lonse, ndipo anawaona, kamzere koyera kakulendewera kumbali inayo.

"Ali kumanzere!"

"Kumanzere?"

"Munthu wa zikwangwani uja anatinamiza, mayi! Zaka zonsezi!"

Mayi anaseka mpaka mutu unapulumuka m'manja mwa amuna awo, ndipo bambo anachita kuwakalipira ngati mwana wa sukulu kuti akhale bwino, nthawi palibe. Anawagwiranso, anawayendetsa kudutsa phiri lonse, mofulumira koma mosagwedeza. Nkhungu inali itafika kale m'munsi mwa mathithiwo ndipo inkakwera.

"Apo. Mwawapeza?"

Pansi pa zala zawo bambo anamva chibwano chikunjenjemera.

"Mayi?"

"Akuyenda," ananong'ona. "Madzi ake akuyenda, bambo."

Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi akusesa patsogolo pa madzi a penti. Bambo anafuna kunena kanthu kanzeru, koma pakamwa panatuluka chokhacho chimene pankadziwa.

"Musaphethire."

"Sindiphethira."

Ndipo sanaphethiredi. Misozi inkatsika yokha n'kumanyowetsa zala za amuna awo, diso lili pamadzi. Nkhungu inadya theka la mathithi, bambo anakweza chibwano pang'ono. Inadyanso, anakwezanso. Anatsatira madziwo mpaka pamwamba pamene amatulukira, ndipo anakhala pamenepo mpaka napo panayera. Kenaka nsonga zinapita, yaifupi poyamba. Kenaka kunangoti mbuu, phiri, chigwa, msewu, zonse.

Kunali zii. Kutali kunkamveka lole ikulira potsika.

Bambo sanachotse manja. "Ndakulakwirani, mayi. Zaka zonse zija, n'kudzakupatsani mphindi khumi."

"Zakwana," anatero mayi, akupukuta nkhope ndi kuseri kwa dzanja. "Ndalongedza lonse. Lili muno." Anaponda pansi ndi nsapato zofinya zija n'kudzitembenuza okha. Kwii. "Tsopano lowetsani filimu yanuyo."

"Kumbuyo kulibe kanthu, mayi. Kwangoyera."

"Nanga tsiku lija tinakumana, kumbuyo kunali chiyani? Si nsalu yoyera?"

A Musaphethire anapita ku kamera. Anatsegula, anayesa kukoleka filimu, inapulumuka. Anayesanso, inapulumukanso. Zala zinkakana.

"Getsi layambanso kuvuta?" anafunsa mayi.

Mzime anaseka ndi kulira nthawi imodzi, mamina ndi misozi, mphunzitsi wathunthu. Kachitatu filimu inagwira. Bambo anayeza kuwala, anasuzumira. Kolala inali itapindika, tsitsi litanyowa ndi nkhungu, mapewa osafanana, ndipo sanapite kukakonza chilichonse. Ankangoona diso lija likusakasaka mu utsi woyerawo, likudutsa pachitayala, pagalimoto, pamiyendo itatu, mpaka linaima.

"Ndakupezani," anatero mayi. "Jambulani."

Anadina.

Chithunzicho chili m'situdiyo mpaka lero, pamwamba pa tebulo, pakati pa akwati ndi ana a sukulu. Mayi amakhala pampando pafupi ndi khomo, kumene kumafika dzuwa la m'mawa, ndipo amazindikira anthu ndi mawu awo, chifukwa dokotala uja sananame. Obwera kudzajambulitsa akachiona amati, "Koma chithunzi cha chiphasochi ndiye munachikulitsa, a Musaphethire." Bambo amakhala ngati akupukuta galasi la kamera. Amayankha ndi mayi, nkhope italoza kumene kwachokera mawu.

"Si cha chiphaso chimenecho, ndi paphiri. Lili kumbuyoko, lonse. Ndipo musanamizidwe ndi nsaluyo, mathithi ali kumanzere."